ZA PA CHITAKALE: Galimoto ya mamiliyoni ikufera girisi

Abale anga, dzuwa la Okutobala lafika poswa mtengo. Nyenje zikulira m'mitengo ya mango, kumidzi anthu ali kalikiliki kugalauza minda, wa nyumba ya udzu wayamba kale kufolera ndipo wa malata akusaka pothonya. Aliyense akudziwa chomwe chikubwera. Koma pali gulu limodzi lomwe chaka ndi chaka mvula imalipeza lili m'tulo. Ndikunena eni ake a galimoto za fowilo, pamodzi ndi mabwana amene adapatsidwa udindo wozisamala.

Amene simudapondepo pa Chitakale ndikuuzeni. Pano ndi pamphambano. Msewu wochokera ku Limbe umadutsa pano kupita pa boma la Mulanje mpaka ku chipata cha Muloza, ndipo wina umapatuka kulowera ku Likhubula, kuzungulira phiri mpaka ku Phalombe. Yonse iwiri ndi ya tala, tithokoze, ngakhale wa ku Phalombewu tidaudikira mpaka ena kumera imvi. Koma anthu ambiri sakhala m'mbali mwa tala. Mukangopatuka kulowa m'midzi ya m'tsinde mwa phiri mukumana ndi dothi lofiira loterera ngati therere, miyala, zigwembe ndi mitsinje yopanda milatho. Mvula ikagwa masiku atatu, Sienta kumeneko siyerekeza, ndipo wa kabaza amakuuzani kuti bwana tsikani tikankhe.

Kumaiko olemera alimi ali ndi tigalimoto tapadera toyendera m'minda ndi m'mapiri, tina ta Kawasaki Mule, tina ta Polaris Ranger, ta mipando iwiri ndi kabodi kumbuyo. Kuno kwathu ntchito imeneyo imagwiridwa ndi nkhalamba zitatu, Land Cruiser, Land Rover ndi Hilux, kuphatikizapo thirakitala ya ku esiteti. Ndizo zimanyamula odwala, feteleza, nanazi, maliro, mapepala a mayeso a Sitandade 8 ndi mabokosi a mavoti.

Land Rover idayamba kupangidwa ku England m'chaka cha 1948. Agogo athu amaikumbukira bwino, chifukwa ndiyo inkabwera ndi a DC ndi apolisi, nthawi zina usiku, munthu n'kupita osatsanzika. Mtundu wake wakale uja wa Defender adasiya kuupanga mu Januwale 2016, tsono yomwe mukuiona ikukwera ku Likhubula ndi mwana wamasiye, ikafa yafa. Land Cruiser ya bokosi, yomwe amaitcha 70, idatuluka mu 1984 ndipo a Toyota akuipangabe. Ambulansi zathu zambiri ndi zimenezi, za injini ya dizilo ya 1HZ, masilinda 6, malita 4.2, yopanda tebo.

Galimoto zimenezi adazipangira mavuto. Chitunda, matope, katundu, zonsezo ndi chakudya chake. Nanga bwanji zangoti mbwee pa njerwa kuseri kwa maofesi, udzu utamera m'bodi, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala?

Funso limeneli ndidalitengera kwa madala ena amene amakonza galimoto pansi pa mtengo konkuno ku Chitakale. Dzina sinditchula, iwowo za m'nyuzi sakonda. Ndakhala nawo masiku angapo ndikuwapatsira masipanala ngati sipanaboyi, maso ali tcheru, ndipo ndaona ndekha kuti zopha galimoto ndi tinthu ting'onoting'ono tochititsa manyazi kutchula.

Mdani woyamba ndi madzi. Galimoto ikayenda mtunda, difu ndi giyabokosi zimatentha. Pamwamba pa difu pali kabowo kopumira. Dalaivala akafika pa mtsinje n'kungolowa osadikira kuti zitsulo zipole, mpweya wa m'kati umanyala mwadzidzidzi ndipo difu imayamwa madzi kudzera pa kabowo kaja kapena pa masilo otha. Kunjaku simuona kanthu. Galimoto ikuyenda myaa, bwana akumwetulira, koma m'katimo oilo wasanduka phala. Madala aja adatsegula difu ya pikapu ina ine ndili pomwepo, ndipo chomwe chidatuluka chinali ngati tiyi wamkaka wa m'tiyirumu. Oilo wotero sateteza chitsulo. Mabeyaling'i amachita dzimbiri, mano a magiya amadyana, kenaka kumbuyo kumayamba kulira ngati ndege ikufuna kunyamuka. Mukamva nyimbo imeneyo dziwani kuti ndalama ya difu yathunthu yakupezani.

Chikhalirecho mankhwala ake ndi sipanala imodzi ndi mphindi zochepa. Mukawoloka madzi ofika pakati pa tayala, masulani bawuti wa difu, pisani chala, muone mtundu wa oilo. Ngati wayera, khuthulani muthire watsopano wa 80W-90, malita ngati 3 basi. Chitani chimodzimodzi ndi difu ya kutsogolo, giyabokosi ndi bokosi la fowilo.

Madzi akalowera ku injini kudzera kopumira mpweya, pamenepo ndiye pali maliro pafupi. Injini ikazima pakati pa mtsinje, chonde achimwene, musalize sitata. Madzi safinyika ngati mpweya. Pisitoni ikawamenya, ndodo yake imapindika ngati bango, injini basi yapita. Ikokeni kaye, amakaniko achotse mahita pulagi kapena mainjekita, madzi alavulidwe, asinthe oilo ndi mafyuluta, ndiye muyese kuliza. Chipaipi chija chimakwera m'mbali mwa windisikirini ena amachiyesa chokongoletsa. Ntchito yake ndi kupumira m'mwamba, kutali ndi madzi ndi fumbi, koma chikang'ambika polumikizira chimangonamiza dalaivala kuti ali ndi ngalawa.

Mdani wachiwiri ndi umbombo wa girisi. Pansi pa galimoto pali timabowo topoperapo girisi, amakaniko amati manipo, pa puropela shafiti ndi pa mitanda yake, ndipo pa galimoto zakale timapezekanso pa zitsulo za chiwongolero. Tifunika kupopedwa pa sevisi iliyonse, ndipo nthawi ya dzinja mukangotuluka m'matope, chifukwa girisi watsopano ndiye amakankhira kunja madzi ndi mchenga. Mtanda ukauma umayamba kugunda mukamanyamuka kapena posintha giya. Umenewo ndi odi. Mukapanda kuyankha, tsiku lina uduka galimoto ili pa liwiro, shafiti n'kulasa pansi, inu mwanyamula anthu khumi ndi matumba a chimanga. Matope ofiira a kunowa nawonso musawasiye aumire pansi pa galimoto. Amasunga chinyezi n'kumadya chasisi ndi mapaipi a mabuleki mwakachetechete ngati chiswe.

Wachitatu ndi dizilo wa m'zigubu. Tonse tikukumbukira mizere ya pa filing'i siteshoni m'zaka za 2022 mpaka 2024, anthu kugona m'galimoto ngati ali pa siwa. Mafuta akasowa, mavenda amakhala nawo, makamaka kuno koyandikana ndi malire. Koma chigubu china chidagonera pa mvula, china adasakanizamo palafini kuti chidzadze. Pampu ndi mainjekita zimadalira dizilo yemweyo kuti ziterere m'kati. Palafini ndi wopyapyala, amazisiya zikukhulana zouma, ndipo madzi amazichititsa dzimbiri. Opanga galimoto adadziwiratu, n'chifukwa chake pansi pa fyuluta ya dizilo adaikapo kachikho kotchera madzi. Kakadzadza, pa dashibodi pamayaka nyale kuti dalaivala akhetse. Tsono dalaivala wina wochenjera kwambiri, m'malo mokhetsa madziwo, amangozula waya kuti nyale isamamusokose. Ndiye kuchiza malungo pophwanya choyezera kutentha kumeneko.

Wachinayi ndi mawu aja akuti "ikuyendabe". Pa misewu ngati yathuyi oilo wa injini ndi fyuluta yake ziyenera kusinthidwa pa makilomita 5,000 alionse. Injini ya 1HZ imamwa malita pafupifupi 10 a 15W-40. Kuwonjezera lita imodzi pa oilo wakuda ngati phula sikusintha oilo ayi, n'chimodzimodzi kuthira madzi a pa mjigo mu ndowa ya matope. Fyuluta ya mpweya m'chilimwe chino imadzadza fumbi, ndipo ikabooka fumbilo limakanola masilinda ngati tupa. Palinso lamba wa taiming'i, yemwe pa Land Cruiser zakalezi amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo pa dashibodi pali nyale yolembedwa T-BELT yokumbutsa. Lambayu salira, sadandaula, amangoduka. Akaduka, mavavu ndi mapisitoni zimaombana, ndipo ndalama yomwe mumaikakamira ija muitulutsa kambirimbiri.

Zina ndingodutsamo. Fowilo ndi ya m'matope ndi m'miyala. Mukafika pa tala chotsani giya ya fowilo, mahabu a kutsogolo muwabwezere pa FREE, apo ayi magiya amakokana okhaokha mpaka china chithyoke. Wa Defender nayenso asayende pa tala atatseka difu ya pakati. Mu radiyeta musamathire madzi a mu Ruo kapena a mu Thuchila, amabweretsa dzimbiri ndi ndere, thirani kulanti. Mabuleki a kumbuyo atseguleni muchotse matope, ndipo mafuta a mabuleki asinthidwe zaka ziwiri zilizonse chifukwa amayamwa chinyezi. Pogula tayala la kaunjika werengani manambala anayi a m'mbali mwake: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chomwe lidapangidwa. Mukaona 2314, tayalalo ndi la 2014, ngakhale wogulitsa atalipaka polishi kuti liwale ngati nsapato ya mkwati.

Ndikudziwa ena muyankha kuti mnyamata iwe ukubwebweta chifukwa ulibe ngakhale njinga yakapalasa, sudziwa mtengo wa oilo. Njinga ndilibedi, koma masamu a Fomu 4 ndidakhoza. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chitsulo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja, chimagulidwa ndi dola. Zinthu zadula, palibe akukana. Koma oilo akakwera mtengo, difu ndi injini nazo zakwera, ndipo zakwera koposa. Wosauka ndiye woyamba kufunika sevisi, chifukwa wolemera ikafa akaitanitsa ina ku Japan.

Mwini pikapu yake akaipha, walira yekha. Zanga zenizeni zili ndi galimoto za tonsefe, zogulidwa ndi misonkho yathu kapena zopatsidwa ndi abwenzi akunja.

Galimoto yatsopano ikafika kumakhala chikondwerero cha mnanu. Amayi avala nsalu zofanana, a tchopa avina mpaka fumbi koboo, mafumu akhala kutsogolo, olemekezeka adula riboni, a wailesi ajambula. Pa tsiku limenelo palibe amaimika dzanja n'kufunsa kuti pepani bwana, nanga ndalama ya sevisi izichokera thumba liti? Kusintha oilo kulibe riboni, kulibe alawansi, kulibe chithunzi cha m'nyuzi. N'chifukwa chake kulibenso mwini.

Zotsatira zake tonse tidaziona. Galimoto imaima chifukwa cha kachitsulo kamodzi. Kalata yopempha ndalama ikuyenda kuchoka tebulo ili kupita tebulo ilo, bwana wosainira ali ku semina kunyanja. Sabata yoyamba batire lapita kukathandiza inzake. Yachiwiri matayala. Yachitatu sitata ndi alitaneta. Pakutha chaka chatsala chigoba, ndipo akuluakulu agamula kuti yatha ntchito, igulitsidwe pa okushoni. Igulidwa pa mtengo wa mbuzi zingapo. Pakangotha mwezi, inu n'kuiona yomweyo yapakidwa penti ina, ikuyenda matola yamoyo ngati mwana. Kodi idauka bwanji kwa akufa? Pali mneneri wanji ku galaja kumeneko?

Ndiye pali sevisi ya pa pepala. Risiti ikuti oilo wasinthidwa, mafyuluta anayi atsopano, girisi makilogalamu awiri. Mukatsegula boneti, fyuluta ndi yomwe ija ya chaka chatha, angoipukuta ndi kansanza. Ndalama agawana, injini ikudya fumbi.

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za zitsulo, zilibe magazi. Ife a m'tsinde mwa phiri tikudziwa kuti magazi alipo. Akuluakulu amasimbabe za Napolo wa mu Malichi 1991 amene adatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Ife achinyamata tidadzionera tokha namondwe wa Ana mu Januwale 2022, kenaka wa Freddy mu Malichi 2023, amene adatenga miyoyo yoposa 1,000 m'dziko muno. Milatho idapita, misewu idaduka, madera ngati Nkhulambe ndi Muloza kufikako kunali kwa ndege za helikopita kapena wapansi. Madzi ataphwera pang'ono, chomwe chinkayamba kufika kwa anthu ndi ufa, mankhwala ndi matenti chinali fowilo. Tsiku ngati limenelo galimoto iliyonse yokhala pa njerwa ndi mudzi umodzi wogona ndi njala.

Koma sikuti mpaka pachite kubwera namondwe. Dzinja lapitali mlamu wanga, mkazi wa achimwene, matenda a uchembere adamuyamba usiku mvula ikugwa. Tidamufikitsa pa chipatala china chaching'ono chakumudzi, chomwe sindichitchula. Anamwino adayesetsa, ndipo ataona kuti mwana wakhala mopingasa adati mayiyu afunika opaleshoni ku chipatala chachikulu, msanga. Adaimba foni ife tikumva. Yankho lidali loti ambulansi imodzi yapita kwina, inayo idaima kalekale, beyaling'i ya wilo la kutsogolo idatha ndipo akudikira ndalama. Tidamanga machila. Amuna asanu ndi mmodzi, kulandizana, tochi ya foni kutsogolo, matope m'maondo, mpaka pa tala pomwe tidapeza galimoto ya matola kutatsala pang'ono kucha. Madokotala adapulumutsa mayi. Mwana adakamuika amayi okhaokha, monga mwa mwambo wathu, opanda nyimbo.

Nditawafotokozera madala a pa galaja aja, adangopukusa mutu, n'kutola beyaling'i yakutha pa mulu wa zitsulo, n'kundiika m'manja. Kanthu kokwana m'chikhatho. Adandiuza kuti beyaling'i siifa tsiku limodzi. Imayamba yalira, wilo limayamba lagwedera, ndipo wina aliyense woimika galimoto pa jeke n'kugwedeza tayala akadadziwa mwezi wathunthu isadafe. Achimwene mpaka lero nkhaniyi saikamba.

Nanunso amakaniko musaombe m'manja msanga, mbali yanu ilipo. Ena mwa inu hamala ndiye sipanala yanu, waya ndiye bawuti wanu. Mumalandira ndalama ya chitsulo chenicheni n'kukagula chachinyengo cha m'bokosi lokongola, fyuluta yopepuka ngati chikho, yomwe m'kati mwake muli kapepala kosasefa kanthu. Chitsulo chakale chochotsedwa pa galimoto ina, chogula ku Ndirande kapena ku Limbe, nthawi zina chimaposa chatsopano chabodza, koma muuzeni mwini galimoto chilungamo kuti ichi n'chakale. Mukasintha chitsulo, chakuthacho mubwezereni mwini wake achione ndi maso. Ndipo ana amene mukuwaphunzitsa ntchitowa alimbikitseni akayesedwe mayeso a ntchito zamanja. TEVETA idakhazikitsidwa mu 1999 kuti luso ngati lanuli likhale ndi pepala, mwana asafere pa dzina la sipanaboyi mpaka ndevu kuyera.

Kuti zimatheka, umboni uli pakhomo pompano. Yang'anani m'maesiteti a tiyi otizungulirawa. Mathirakitala ena ndi aakulu kuposa ine kubadwa, koma m'mawa uliwonse akukoka ngolo za masamba kupita ku fakitale, m'matope omwewa, m'zitunda zomwezi. Kumeneko kulibe mankhwala achikuda. Kuli buku, kuli tsiku la sevisi, kuli munthu amene amafunsidwa chitsulo chikafa. Za malipiro a othyola tiyi tidzakambirana tsiku lina, ndipo sindidzawanyengerera, koma pa kusamala zitsulo tiyeni tikaphunzire.

Tsono pempho langa ndi ili. Inu makhansala ndi aphungu athu, musadikire kudzanyamula nkhata ku maliro. Mwezi uno pitani m'zipatala ndi m'maofesi a m'dera lanu mukawerenge kuti fowilo zoyenda ndi zingati, zokhala pa njerwa ndi zingati, ndipo chilichonse chikudikira chitsulo chanji. Mukatiuze pa msonkhano, ndi manambala. Inu a makomiti a zipatala, pemphani kuti buku la sevisi ya ambulansi lizikhala poyera, tsiku ndi makilomita zilembedwe pa khoma ngati momwe amalembera mndandanda wa mankhwala. Ndi galimoto yathu, tili ndi ufulu wodziwa, si ndiye demokalase tidavotera mu 1993 imeneyo? Inu abwenzi akunja, zikomo chifukwa cha mphatso, koma mukamapereka ng'ombe muzifunsako ngati khola ndi msipu zilipo. Ndipo inu madalaivala, m'mawa musadalize injini, tsegulani boneti, yang'anani oilo ndi madzi, gwadani muone pansi ngati padontha kanthu. Bwana akakana kugula girisi, lembani m'buku, asaine, kuti tsiku la mlandu mbuzi ya nsembe isadzakhale inu.

Mitambo yayamba kale kusonkhana pa Sapitwa madzulo. Zengerezu adalinda kwawukwawu, adatero akuluakulu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tionana sabata ya mawa, Chauta akalola.